Mphika wa m'munda wa fodya

Mwana wanga wabwera ndi buku la kusukulu ine ndikusoka thumba la feteleza wa makuponi. Wandionetsa chithunzi cha mphika. Akuti anauumba ndi anthu oyamba a ku Japan, asanadziwe n'kulima mpunga komwe, ndipo ankadinda chingwe padongo lisanaume. Singano ndaiika pansi.

Ndili wamng'ono tinali matenanti pa esiteti ya fodya kufupi ndi Santhe. Tsiku lina tikuunga mizere, khasu langa linagunda mphika wonga umenewo, wonunkha dothi lonyowa.

"Mayo ine," amayi ananong'ona. "Wa anthu akale uwu. Akapitawo akauona anena kuti pano m'pamanda, atilanda munda."

Kwathu kunali kutali, kobwerera tinalibe. Belu la njinga linalira kunjira. Amayi anagwada msanga, nauphimba mphikawo ndi chitenje.

"Mayi, anzanu akulima, inu mwakhala pansi?" anafunsa akapitawo.

"Ndikupemphera, bambo."

Mulungu ndi mboni, sananame. Anayambadi kupemphera. Akapitawo anavula chipewa n'kuima pomwepo kudikira ameni. Amayi anapempherera mvula, mbande, odwala, ngakhale njinga ya akapitawoyo. Ine ndinatsinzina diso limodzi. Nsapato za akapitawo sizinasunthe.