Nyemba za Ulusi Wofiira

Mdzukulu wanga wachiwiri amagwira ntchito kuyunivesite. Anthu ndikawauza amathamangira kufunsa kuti amaphunzitsa chiyani. Saphunzitsa. Amakonza mabuku ong'ambika a mulaibulale, m'kachipinda kapansi kopanda zenera, konunkha guluu, ndipo misana ya mabukuwo amaisoka ndi ulusi wofiira. Wakhala m'menemo zaka khumi ndi zinayi. Ndinamulera ndine mayi ake atamwalira, ndiye ndikamanena za iye ndikudziwa chimene ndikunena.

Akaweruka sapita kumowa. Amasintha malaya n'kulowa m'kadimba kuseri kwa nyumba, momwe muli nyemba zokhazokha. Zikayamba maluwa amagwada ndi kapanira kakuntchito, kutsegula duwa limodzilimodzi, kutenga ufa wa duwa ili n'kupaka pa linalo, kenako kumangapo ulusi wofiira uja kuti asaiwale. Mkazi wake amati, "Agogo, amuna anuwa atengeni, ine anandisiya kalekale n'kukwatira nyemba." Ine ndimati, "Bola nyemba, sizitumiza mameseji."

Patatha zaka zisanu anapeza nyemba imene masamba ake sachita dzimbiri mvula ikachuluka. Za anansi zinkafiira n'kuyoyoka, zake zili biriwiri.

Apa mpamene panayamba kubwera mayi wina wophunzitsa za mbewu kuyunivesite komweko. Ndinamutcha Chikwama, poti chikwama chake sankachiika pansi olo akumwa tiyi. Loweruka lililonse ankafika, kujambula masamba ndi foni, kulemba m'kabuku. Moni ankandipatsa wamanja awiri, ndipo ulemu wochuluka choncho ndi umene unandidetsa nkhawa. Sukulu ndinalekeza panjira, koma maso ndili nawo. Malemu amuna anga anakonza makina a pafakitale zaka makumi awiri, chithunzi cha pakhoma n'kukhala cha bwana.

"Akulemba chiyani m'kabukumo?" ndinamufunsa mdzukulu wanga.

"Akufuna akaziyese kumunda wa sukulu, agogo. Zikapirira kumenekonso ndiye kuti ndi zenizeni."

"Nanga zikakhala zenizeni zikhala za ndani?"

"Zanga."

"Walemberana naye?"

Anaseka. "Inu mumakayikira ndi mthunzi wanu womwe."

Lachinayi lina anawerenga nyemba makumi asanu ndi limodzi, kuika mu envelopu, kumata, n'kusiya pakabati kuti Chikwama adzatenge Loweruka. Lachisanu onse atapita kuntchito ndinapita kumsika. Ndinagula nyemba zamawangamawanga zofanana nazo, ndinavala magalasi, n'kusankha imodziimodzi. Envelopu ndinaitsegula ndi nthunzi ya ketulo n'kuimatanso ndi guluu wake yemwe. Zenizenizo ndinazibisa m'chitini changa cha mabatani. Mumtima ndinati, akafuna kuba abe zakumsika.

Panapita miyezi iwiri ya mvula. Tsiku lina mdzukulu wanga atabwera kuchokera kuntchito sanasinthe malaya. Anangokhala pakhonde.

"Zonse zachita dzimbiri, agogo. Mizere yonse."

"Mwina sakudziwa kulima."

"Akudziwa. Ndine amene ndimadzinamiza. Mwina linali dothi lakuseriku basi. Amayi aja anali atauza kale anzawo, ndiye kuntchito akumandifunsa mukhonde kuti nyemba zozizwitsa zija zili bwanji."

M'mawa mwake ndinaona kapanira kaja akukaika m'thumba lakuntchito. Anauza mkazi wake kuti kadimbako adzalamo kapinga. Mkaziyo, yemwe ankanyoza nyemba tsiku ndi tsiku, ulendo uno sanaseke.

Ndinavala nsapato zanga zabwino, kutenga chitini, n'kukwera basi. Pageti mlonda anandizunguza ndi mafunso mpaka Chikwama anatuluka yekha. Ndinati andionetse kaye mundawo. Tinadutsa kuseri kwa nyumba zophunziriramo, n'kufika pa mizere isanu ndi umodzi ya masamba ofiira, okwinyika. Kumutu kwa mzere uliwonse kunali kachikwangwani koyera. Ndinavala magalasi. Panalembedwa dzina la mdzukulu wanga, lonse lathunthu, lokha. Ndinayendera zikwangwani zonse kufuna dzina la mayiyo. Ndinayang'ana ndi kuseri komwe. Panalibe.

Ndinatsegula chitini n'kumufotokozera zonse, za ketulo zomwe. Kwa nthawi yoyamba anaika chikwama chija pansi, pamatope.

"Agogo, mwatidyera nyengo yathunthu."

"Mvula idzabweranso. Muitaneni mwini wake."

Mdzukulu wanga anatuluka m'kachipinda kake manja ali guluu yekhayekha. Atamva, sanakalipe. Anangoti, "Ndiye nyemba zanga sizinayesedwe n'komwe?" Chikwama anati sizinayesedwe. Masiku awiri sanandilankhule, moni wokha. Tsiku lachitatu ndinamuona pazenera atagwada m'kadimba, kachidutswa ka ulusi wofiira kali pakamwa. Za kapinga sanazitchulenso.

Pamunda paja, Chikwama atathira nyembazo m'dzanja, anawerenga kawiri n'kupeza makumi asanu. Anandiyang'ana. Ndinamuuza kuti khumi zotsalazo zikhala kwa ine mpaka ndidzaone dzina la mwanayu litasindikizidwa papepala. Chikwangwani n'chamtengo, munthu akhoza kuchizula m'mawa umodzi.

Zikadali m'chitini, pansi pa mabatani a jekete la malemu.