Mkaka wa Kumgodi Sunafike Kumapapo

Kuno ku Katondo, maliro akagwa pakati pa Akatolika anzanga, wolengeza ndinali ine. Maikolofoni ndinkaikana. Ndikati "Azimayi atsogole ndi nkhata!" ngakhale a ku komboni yakutali ya Makandanyama ankaimirira.

Mphamvu imeneyo ndinkati ndi ya mkaka. Masiku a mgodi, tikatuluka pansi titayera fumbi ngati tagwera mu ufa, ankatipatsa mkaka, ati utsuka m'chifuwa. Ine ndinkamwa wanga ndi wa anzanga oukana. Kansalu kotseka mphuno kankalendewera m'khosi ngati kolona. Mwamuna wa makapu atatu atseke mphuno?

Chaka chatha, pamaliro a mnzanga wa shifiti imodzi, mpweya unandithera pakati pa dzina la malemu. Ndinatsokomola mpaka akwaya anayambitsa nyimbo kuti andibise.

Amake ana anandikokera kuchipatala. Dokota, mtsikana wobadwira m'tauni, anakweza chithunzi cha chifuwa changa pawindo, akunditchula kuti ba shikulu, ndiye kuti agogo.

"Ba shikulu, manje mverani. M'mapapo muli asilikali a thupi, timati mamakirofeji. Ntchito yawo ni kumeza kachilombo kalikonse kolowa. Anu anameza fumbi la mwala. Mwala sugayika, ndiye amafa akukuwa, kuitana anzawo. Anzawo abwera, ayatsa moto wa kutupa, nawonso afa. Zaka zonsezi. Izi zoyerazi ni zipsera."

"Nanga mkaka uja?" ndinafunsa.

"Mkaka unapita kumimba, ba shikulu. Fumbi kumapapo. Sanakumanepo."

Amake ana anaseka mpaka kugwira tebulo. "Asilikali anuwo atengera inu, atate ake. Kukuwa kokha, nzeru palibe."

Zikomo kwambiri, asilikali anga akhama. Mwala unangokhala phee, inu n'kutentha nyumba ya bwana wanu. Ngakhale kapitawo wa kumgodi sanandichitepo zotere.

Dokota anandipatsa mankhwala opopera m'kamwa, koma anati zipsera sizichoka.

Patapita mwezi, maliro ku Chililalila. Wapampando wa mphakati wathu anabwera ndi maikolofoni ataibisa kumbuyo ngati nkhuku yakuba.

"Mudala, kapena lero alengeze wina?"

Wina! Ine ndili moyo? Ndinamulanda kachitsuloko, kosamwapo mkaka chibadwire. Ndinatchula dzina la malemu, lonse, ndi mfunda womwe, chapansipansi ngati ndikuulula machimo kwa abambo. Lipenga lokuzira mawu linafikitsa mawuwo mpaka kumsewu.

Amake ana anandikoka jekete. "Choncho, atate ake. Musawadzutse asilikali aja."

Azimayi anatsogola ndi nkhata.