Chipepala cha Amayi ndi Tsamba Langa la Nthochi

Chinali chipepala cha pulasitiki chobiriwira, chokhala ndi kachingwe komangira m'khosi, ndipo chinkanunkhira masamba a tiyi. Amayi anachilandira ku esiteti komwe ankathyola tiyi, kuti azifunda mvula ikawapeza m'munda. Kunyumba chinkakolekedwa pamsomali kuseri kwa chitseko. Sindinachikhumbirepo ngakhale tsiku limodzi mpaka pamene ndinachiona pamsana pa munthu wina.

Munthu winayo anali mwana wa amayi aang'ono. Amayi ake atamwalira, amalume anabwera naye panjinga kuchokera ku Limbuli, kamtsikana koonda, kosayankhulayankhula, zovala zake zonse zili m'kampango kamodzi. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, iye zisanu ndi ziwiri. "Uyu ndi mng'ono wako," anatero amalume. Pakamwa ndinavomera, koma mumtima ndinkamutcha mlendo. Amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mame angawa dzuwa linkawomba mpaka kulowa, iwo ali pomwepo, pamkeka wanga.

Chaka chimenecho mvula inabwera ndi mphepo yoipa. Phiri linkayamba kubisika m'mitambo yakuda, nkhuku n'kuthawira pansi pa nkhokwe, kenako mumangomva mabulugamu akulira. Nthochi zinkagwa ndi mikoko yake yosakhwima, chimanga n'kugona chonse mbali imodzi. Kukacha, amuna anali pamadenga, ena akutsindira malata ndi miyala, ena akumanganso udzu ndi luzi. Denga lathu amalume analipsinja ndi zipika ziwiri za mango. Kusukulu mphepo inasasula denga la kalasi yathu ife tili momwemo. Aphunzitsi anathamangira kukhoma, n'kuchotsa chithunzi cha Pulezidenti, n'kuchibisa m'malaya, kenako ndiye anakumbukira kuti m'kalasimo mulinso ana. Lero ndimaseka, koma masiku amenewo chithunzi chija chikananyowa, mlandu wake sakanautha.

M'mawa uliwonse kukachita mdima wa mvula, amayi ankachotsa chipepala chija pamsomali, n'kugwada, n'kumumangirira mlendoyo m'khosi. Chinkamufika mpaka m'mapazi. Ine ankangondiuza, osandiyang'ana n'komwe, "Iwe ndiwe wamkulu, kadule tsamba."

Amene sanafundepo tsamba la nthochi kukuwomba mphepo asandiuze za mavuto. Kukakhala bata limathandiza ndithu, madontho amalira bwino pamwamba pake. Koma mphepo ikaligwira limang'ambika ngati nsanza, ndipo pofika kusukulu umakhala utangogwira msana wa tsambalo, madzi akuyenderera m'khosi, kope litasanduka phala. Anzanga ankandifunsa kuti ambulera yangayo ndinagula sitolo iti. Mlendo ankafika ali gwa, wouma, n'kupinda chipepala mwaulemu ngati nsalu ya kutchalitchi. Ndinkamuda. Sindibisa, ndinkamuda mwana wamasiye chifukwa cha pulasitiki.

Nsanje ili ndi maso akuthwa. Ndinayamba kuona zonse. Ndinaona kuti amayi amamusiyira malo oyandikira moto. Ndinaona kuti akangotsokomola pang'ono, amayi amasiya chimene akuchita n'kutchera khutu, nthawi zina n'kumuika dzanja pachifuwa. Tsiku lina nanenso ndinatsokomola dala, mokweza, kuti dzanjalo libwere kwa ine. Amayi anandiyang'ana ndi diso limene sindinalionepo. "Usamasewere ndi chifuwa m'nyumba muno," anatero. Ndinapita kuseri kwa nyumba kukalira, ndili wotsimikiza kuti mayi wanga andilanda.

Tsiku la mlandu wanga linali Lachinayi, tikuchokera kusukulu. Panjira panali kamtsinje komwe tinkawoloka pamitengo iwiri yogoneka. Madzi anali atadzaza, ofiira, akukokolola zinyalala ndi mapesi. Mphepo inkalowa pansi pa chipepala n'kuchifufumitsa, mwanayo n'kumadzandira. Anachita mantha. Anamasula kachingwe kaja, n'kundipatsa. "Achemwali, ndigwirireni ndiwoloke."

Kanali koyamba kuchigwira chiyambire mvula. Chinali chofunda ndi thupi lake. Ndinamuyang'ana akukwawa pamitengo paja, mvula ikumumenya pamsana, ndipo ndinatambasula zala zanga. Mphepo sinandilande. Ndakhala ndikunena bodza limenelo zaka zambiri, koma zoona zake n'zakuti ndinatambasula zala. Chipepala chinakwera m'mwamba, n'kudutsa pamwamba pa tiyi, n'kusowa. Atafika tsidya linalo anatembenuka. Anandiona manja ali zii, ndipo ndikudziwa kuti anaona zonse. Tinayenda ulendo wotsalawo tonse awiri tili chonyowa, ndipo ine mumtima ndinkati tsopano tafanana.

Sitinafanane. Ine ndinangoyetsemula kawiri basi. Iye pofika Loweruka thupi linali moto, akupuma ngati wathamanga mtunda, chifuwa chikulira m'kati. Amalume anamukweza panjinga, atamukulunga m'bulangete, ulendo wa kuchipatala ku boma, amayi akuyenda pambali atamugwirira kuti asagwe. Ndinaima pakhomo ndili ndi mantha. Komabe, ndichite manyazi pano, kamtima kena kankati taonani, wakweranso njinga.

Anakhala kuchipatala masabata awiri. Ndinkagona kwa amalume, ndipo mphepo ikayamba kugwedeza malata awo ndinkaganiza kuti ikunditchula dzina. Anabwerako wamoyo, maso atalowa m'kati, miyendo ngati bango. Ndinadikira kuti andinenere. Sanandinenere tsiku limenelo, ndipo mpaka lero, tonse tili ndi imvi, sanaitchulepo nkhaniyi. Akanandinenera bwenzi nditakwapulidwa, zikanathera pomwepo.

Chipepala chija amalume anachipeza chitakodwa pamtengo m'malire a esiteti, chitang'ambika pakati. Amayi anachitsuka, n'kuchiyala pamwala. Anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kundiyang'ananso ine. Kenako anatenga mpeni n'kumaliza kung'amba kuja, n'kusokerera kachingwe pachidutswa chilichonse. "Aliyense chake," anatero. Ndinalanda zidutswa zonse ziwiri n'kuzisanjikiza kuti ndione chachikulu. Chake chinaposa changa ndi zala zitatu, ndipo ndinanyinyirika.

Zimene sindinkadziwa n'zakuti amayi aang'ono chinawatenga ndi chifuwa, ndipo amayi ndi amene anawasambitsa komaliza. Dzanja lija pachifuwa cha mwanayo silinali kusankha mwana wokondedwa, linali kufunafuna phokoso limene analimvapo kale. Ndipo pali china chimene ndinkachiona tsiku ndi tsiku osachimvetsa. Madzulo amayi ankabwera kuchokera ku tiyi nsalu itamatirira pathupi, milomo ikunjenjemera, zala zitachita makwinya, n'kukhala chofulatira moto nthunzi ikutuluka pamsana pawo. Ine ndinkadutsa pomwepo ndi mkwiyo wanga. Nyengo yonse ija ndinkangoyang'ana amene wafunda chipepala. Sindinafunsepo kuti nanga mwini wake, tsiku lonse m'munda mvula ikuwomba, ankafunda chiyani.