Madzi Akafiira

Inu amene munayang'anapo pepala la zotsatira za mayeso kuyambira pamwamba mpaka pansi, n'kubwerezanso, dzina lanu osalipeza, nkhani iyi ndalembera inu. Nanenso zinandionekerapo, koma za ine tizisiye. Imvani za Adelaide.

Adelaide anatsika chapa, minibasi yonyamula anthu, pamsika wa Tsangano atadzikulunga chitenje kumutu ngati wodwala dzino. Sukulu ya zomangamanga anali atamaliza, ya misewu ndi milatho. Koma pa mayeso ake, ezame yotsiriza, ija yopatsa munthu chiphaso choti azisainira yekha mapulani, inamukana. Popanda chiphasocho, zaka zonse zija zikanangothera kugwirira anzake fita yoyezera.

Chovuta n'chakuti kumudzi anali atayamba kale kumuitana kuti Enjenyera.

"Dona Enjenyera afika!" anakuwa Gilberto, msuweni wake wonyamula anthu pa mota, njinga yamoto ija. "Kwerani, kwerani. Nanga mlatho wa kwathu uja mumanga liti? Mota yangayi yatopa n'kusambira."

"Tangoyendetsa, iwe. Pakamwa ngati wailesi."

Bambo ake, a Sebastião, mlimi wa mbatatesi, anawapeza akukhomera khasu mumpini. Adelaide anagwada poteropo.

"Ndagwa, ababa."

"Zonse?"

"Funso limodzi lalikulu ndi limene landigwetsa. La ngalande ya madzi."

A Sebastião anaseka mpaka kutsokomola. "Ngalande? Mwana wa ine? Yomwe ija unkasambamo uli mbulanda?"

"Ya m'buku ndi ina, ababa."

"Ohoo. Madzi a m'buku amakwera phiri eti?"

Adelaide sanaseke nawo. Anatsekera mabuku m'katoni, ndipo Lamulungu awiri sanaoneke kutchalitchi.

Inali nyengo yachisanu, nthawi yothirira. A Sebastião anali atabzala dimba latsopano kumunsi kwa phiri, ndipo linkafunika ngalande yochokera kumtsinje. Asanayambe kukumba, kunabwera uthenga wa maliro ku Chidzolomondo, ananyamuka.

Adelaide anaona mpata. Ngalande zakale za bambo ake zinkamunyansa, zokhotakhota, zozungulira phiri lonse ngati zasochera. Anajambula yake papepala, yowongoka, yaifupi ndi theka, yotsetsereka bwino. Anakumba ndi Gilberto masiku awiri. Ankafuna kuti bambo ake akabwera, aone kuti sukulu ija sinapite pachabe.

Atatsegula, madzi anatsika mothamanga, Gilberto n'kuimba mluzu. Koma pofika masana, ngalande inali itasanduka chigwembe chofika m'mawondo. Mizere isanu ya mbatatesi, yomera kale, inali itakokoloka.

A Sebastião atabwera anaima pachigwembepo nthawi yaitali, manja kumbuyo.

"Yowongoka bwino," anatero. "Madzi anafika msanga?"

"Anafika."

"N'kupitirira."

Adelaide anayang'ana pansi, akudikira mawu owawa. Sanabwere.

"Tenga khasu, mwanawe."

Anakayambira kumtsinje. A Sebastião sankakumba pouma ayi. Ankatsegula madzi pang'ono, n'kukumba mapazi atatu kutsogolo kwake, n'kudikira. Madzi akaima, ankapala dothi pang'ono. Akathamanga, ankabwezera dothi n'kupondaponda ndi chidendene, ngalande n'kuikhotetsera m'mbali mwa phiri.

"Madzi aziyenda ngati munthu wopita kutchalitchi belu lisanalire," anatero. "Uziwayang'ana mtundu. Akafiira, ayamba kuba munda."

Masiku atatu Adelaide anayenda kutsogolo kwa madzi, matuza ali thoo m'manja. Tsiku lachinayi madzi analowa m'dimba ali mbee, mwakachetechete.

Koma iye mtima sunakhale pansi. Anakabwereka kwa mmisiri wa nyumba paipi yoonekera mkati, ija amathiramo madzi poyeza ngati maziko ali chimodzimodzi. Anayeza ngalande yonse. Mamita khumi aliwonse inkatsika pafupifupi mofanana.

"Três centímetros," anadziuza yekha. Masentimita atatu. Anayezanso pena. Zomwezo.

Anakatsegula katoni ija. Atakhala pamzere, anawerengera liwiro la madziwo kuseri kwa pepala la thumba la simenti. Yankho linagwera pansi pang'ono pa nambala ina ya m'buku, imene anailoweza kalekale osadziwa kuti imanena chiyani. Inali malire a liwiro limene dothi lingapirire lisanayambe kukokoloka.

Apo m'pamene anaona chimene chinamugwetsa. Pa ezame paja anasankhanso ngalande yotsetsereka kwambiri, poganiza kuti madzi othamanga ndiye ntchito yabwino. Chigwembe chija anayamba wachikumba papepala.

"Ababa, nambala imeneyi munaidziwa bwanji?"

"Nambala iti? Ine ndimangoyang'ana madzi."

Kuyambira tsiku limenelo anasiya kuloweza. Mutu uliwonse wa m'buku ankayamba waufunafuna pansi pano. Za mapaipi odutsa pansi pa msewu anakaziwerengera pa msewu weniweni, atasuzumira mkati, anthu a m'chapa akumudabwa. Za mitanda anakaziona kwa amalume ake ku Chidzolomondo, m'chigafa cha fodya, pamene mtanda wina unapindika pakati chifukwa nsanamira zinatalikirana. Gilberto ankamuperekeza, akugwira fita mbali inayo uku akudandaula.

"Ine ndiye ndidzalembe nawo ezameyo. Ndatsala pang'ono kukuposani."

M'mawa ankathirira, masana ankawerenga pansi pa mtengo wa pichesi. Kutchalitchi anabwererako. Akamunena kuti Enjenyera, ankangoyankha kuti, "Sanafike, ali m'njira."

Nthawi itakwana analembanso. Sikuti zonse zinali zofewa. Funso la zitsulo za m'konkire analisiya pakati, thukuta lili kamukamu. Koma atatembenuza pepala anapeza ngalande ya dothi m'mbali mwa msewu wa paphiri. M'maso mwake munabwera madzi ofiira aja, ndi mbatatesi zikuyandama. Anapuma kamodzi, n'kuyamba kulemba mosathamanga.

Uthenga unalowa pafoni ali kudimba. Anawerenga kawiri, kachitatu n'kuwerengetsa Gilberto.

"Passou! Amalume, wakhoza!" Gilberto analiza hutala ya mota mpaka ng'ombe za a Sebastião zinabalalika. "Tsopano mlatho wanga uja!"

A Sebastião anavula chipewa, n'kuchivalanso. Maso anali atanyowa, koma anati ndi mphepo. Kenaka analoza ndi mpini kumtunda, kumene chigwembe chija chinali chidakali yasa.

"Dona Enjenyera, ntchito yanu yoyamba ndi iyo. Kakwirireni."

Adelaide anaseka, n'kutenga khasu.

Inu amene dzina lanu silinatuluke, musatsekere mabuku m'katoni mpaka kalekale. Bwererani pamene panagumuka, muyang'anitsitse, mufunse ngakhale amene sanapite kusukulu. Mukapeza pamene madzi anu anafiirira, bwezerani dothi, mukhotetse njira, muyambenso pang'onopang'ono. Musataye mtima. Dimba likadali pompo, likudikira madzi anu.