Anthu Anaseka pa Maliro a Domingo

Ndinadzuka kusanache, msana utauma chifukwa chogona pa simenti. Pabalaza tinagona azimayi okhaokha, mipando yonse itatulutsidwa panja, bokosi la mlongo wanga Domingo lili pakati pathu. Amayi a ku limana lathu la ku tchalitchi anaimba mpaka mawu kuwathera, ndipo tsopano ambiri anali atafunda zitenje kumutu komwe. Mlamu wanga, mkazi wa Domingo, anali maso, atatsamira khoma, akuyang'ana chogwirira cha bokosi. Ndinadumpha miyendo ya anthu n'kutuluka.

Panja chiperoni chinali chitatsika. Phiri la Ndirande silinkaoneka, ndipo kamvula kaja kosamveka kugwa kanali katanyowetsa kale tenti ndi mabenchi obwereka ku tchalitchi. Azibambo anazungulira chitsa chofuka, ena akusinza zipewa zili kumaso. Bambo athu anali pakhonde, pa mpando wawo, pamalo pomwe pankakhala makina awo osokera. Usiku wonse sanalowe m'nyumba. Ndinawapatsa moni, anangogwedeza mutu, n'kundifunsa ngati adzukulu apatsidwa tiyi asanapite kukakumba.

Nkhuni zinali zitanyowa. Tinalimbana nazo kuseri kwa nyumba, maso akutuluka misozi ya utsi, mpaka mayi wina wogulitsa makala kumsika anatulukira thumba lili pamutu, wopanda womutuma. Analitsitsa, n'kukhala pansi kuyamba kusankha nyemba. Atsikana anali pa mzere ku kiyosiki ya madzi ndi zidebe. Kukamayera, mafuwa onse anali akuyaka, tiyi atapita kale kumanda, ife tikudula kabichi pa chitseko chakale chimene tinachigoneka pa njerwa.

Chitseko chimenecho anthu ambiri a mu Blantyre amachidziwa, ngakhale sadziwa kuti n'chathu. Chinaonekera m'masewero ambiri a Domingo.

Mlongo wanga anali wolemba masewero a nthabwala a pa kanema. Ankalemba yekha, kutsogolera osewera yekha, n'kumathamangathamanganso yekha kusaka zovala, malo ojambulira ndi otsatsa malonda. Pulogalamu ikamatha dzina lake linkatuluka malo angapo, koma nkhope yake sinaonekepo. Ankati nkhope yake ndi yoyenera pa wailesi. Anayambira m'gulu la achinyamata ku tchalitchi. Kenako anayamba kujambula maukwati ndi kamera yobwereka, ndipo Lamulungu masana, asanaibweze, ankajambulira timasewero pabwalo pathu pano, osewera ake ali anzake a mumsika. Dividi yake yoyamba anyamata anaibena n'kuyamba kuigulitsa mwakuba tsiku lomwe inatuluka. Iye anapita kukagula imodzi kuti aone ngati anabena bwino.

Chimene chinamufikitsa pa wailesi ya kanema, n'kudzafalikiranso m'mafoni, ndi sewero la a Mawamawa, telala wa pakhonde amene aliyense wodzatenga chovala amamuuza kuti abwere mawa, kaya ndi mkwati, kaya ndi mwana woti mayeso ayamba. Bambo athu anali telala wa pakhonde moyo wawo wonse. M'banja mwathu aliyense ankadziwa kumene Domingo anamutenga munthuyo: tepi m'khosi, magalasi pansonga ya mphuno, katsokomola kaja asananene bodza. Koma palibe amene anatchulapo pamaso pa bambo. Iwo ankafuna Domingo akhale mphunzitsi, ndipo pulogalamu ikamayamba ankanyamuka, amvekere akukawongola miyendo. Anthu awiriwa ankakhala pa poloti imodzi, kudyera pamodzi, kukambirana za mpira, koma nkhani ya masewero inalibe woiyamba. Tsopano Domingo anali atapita. Anagwa ali pa kompyuta akuedita sewero, ndipo kuchipatala sanakhalitse.

Anthu anayamba kufika nthawi ya sukulu. Masamba amene anyamata anayala mumsewu anali atapondedwa kale ndi matope. Anafika achibale a ku Nsanje atagona m'basi, akulira m'Chisena kuyambira pamphambano. Anafika a ku Chirimba amene ankamukonzera Domingo matebulo ndi zikwangwani zojambulira. Anafikanso ambiri osawadziwa n'komwe, mavenda, makondakitala, anyamata a kabaza, chifukwa m'mafoni munali mutafala mphekesera yoti amene wamwalira ndi a Mawamawa. Choncho pamene bambo wosewera a Mawamawa anatsika minibasi, wamoyo, atavala suti yakuda, mayi wina amene anali akulira mokweza anasiyira panjira, n'kugwira mnzake paphewa. Ndinamumva akufunsa kuti nanga m'bokosimo muli ndani.

Bamboyu ndi munthu wamkulu thupi, wofatsa, amene asanakumane ndi Domingo ankagulitsa masipeya a njinga. Dzina lake lenileni ngakhale ine ndimachita kulikumbukira. Anabwera ndi gulu lonse: wojambula, wa maikolofoni, osewera anzake, ndi mtsikana wina wa ku Bangwe amene zaka zaposachedwa ankalemba limodzi ndi Domingo. Analowa m'nyumba motsatizana, n'kugwada pafupi ndi mlamu. Potuluka, ana amene anakwera pa mpanda wa aneba anayamba kukuwa kuti mawa, mawa. Iye sanacheuke.

Bambo aakulu, mkulu wawo wa bambo athu, amene anabwera kuchokera kumudzi kudzayendetsa mwambo, anaziona zimenezo ndipo sizinawasangalatse. Anatiitanira kuseri kwa bafa, ine, bambo ndi wapampando wa limana. Anati pano ndi pamaliro, si pa holo. A masewero akhale pansi ngati wina aliyense, kamera isatuluke m'chikwama, ndipo pa mndandanda wa olankhula asapezekepo. Ine ndinawauza kuti anthu amenewa ndi amene ankasinthana nafe kuchipatala, ndipo mlamu wapempha kuti mmodzi wa iwo alankhule. Anayankha kuti iwo aona kale mmene anthu akumuyang'anira wosewera a Mawamawa uja, ndipo safuna kukafotokoza kumudzi kuti mwana wa mng'ono wawo anaikidwa anthu akuseka. Tonse tinayang'ana bambo. Anapukuta magalasi ndi nsonga ya jekete. Kenako anati kamera ikhale m'chikwama, koma munthuyo alankhule, mwachidule.

Tinaona nkhope cha m'mawa womwewo. Mzere unatuluka pakhomo, kudutsa pa tenti, mpaka kukakhota pa grosale. Ambiri ankamuona Domingo koyamba. Ankaima pang'ono, kuyang'ana nkhope yachilendoyo, n'kupitirira mwakachetechete. Mnyamata wina wa kabaza anavula chipewa chake cha njinga, n'kunena motsitsa kuti iye ankamunyamula munthu uyu kawirikawiri, ndipo munthuyo ankangomufunsa mafunso njira yonse.

Zolankhula zinayamba bokosi litatulutsidwa pa tenti. Analankhula a mfumu a dera lathu, analankhula a ku limana, analankhula a kuchikazi. Kenako woyendetsa mwambo anaitana woimira anzake a kuntchito. Bambo wosewera a Mawamawa uja anaimirira, nayenda kupita kutsogolo, ndipo asanatsegule pakamwa, kumbuyo kwa tenti kunamveka kuseka kobisa. Sanachite chilichonse choseketsa. Anangoima mmene amaimira. Anatsokomola kuti ayeretse kukhosi, ndipo katsokomolako kanali komwe kaja. Kuseka kunafalikira. Azimayi anatseka pakamwa ndi zitenje, mapewa akugwedezeka. Iye anayesa kuyamba, mawu anakanika, nkhope inakwinyika, misozi n'kuyamba kutsika. Koma nkhope imeneyo ndi yomwe a Mawamawa amapanga kasitomala akabwera ndi apolisi, ndipo amene anali panja pa tenti, osamva kanthu, anaphulika.

Ndinamva manyazi ndi chisoni nthawi imodzi. Ndinaona bambo aakulu akudzuka, ndodo ili m'manja, kulunjika kwa woyendetsa mwambo. Mtsikana wa ku Bangwe anali ataweramitsa mutu pa mawondo. Bambo uja anabweza maikolofoni n'kutembenuka kuti akakhale pansi.

Bambo athu ndi amene anamuimitsa. Anadzuka pang'onopang'ono, monga amachitira chiyambireni kuwavuta mawondo, namugwira pamkono, natenga maikolofoni. Sindinawaonepo bambo akulankhula pagulu, ngakhale pa maliro a mayi athu.

"Achimwene, khalani pansi, asiyeni aseke," anatero. "Mwana wanga ankagona mochedwa kuti anthu awa aziseka. Telala amene mumamuonayo ndine. Ndinkaonera kwa ometa uko, musaganize kuti sindinkadziwa. Chimodzi chokha analakwitsa. Ine sindinkati bwerani mawa. Ndinkati bwerani mkuja."

Tenti yonse inagwa ndi kuseka, kuseka kwenikweni, kosabisa. Anaseka amayi a ku limana, anaseka a mfumu, anaseka achibale a ku Nsanje atamasuliridwa. Ine ndinaseka mpaka ndinazindikira kuti ndikulira, ndipo nditayang'ana uku ndi uku ndinaona kuti si ine ndekha. Bambo aakulu anakhala pansi, akupukusa mutu, koma ndodo anaigoneka.

Bambo sanabwerere pa mpando wawo. Anamubwezera wosewera uja maikolofoni n'kuima pomwepo, dzanja lili pamkono pake, mpaka iye anamaliza kulankhula. Ndipo analankhula bwino. Anafotokoza mmene Domingo anamupezera akukangana ndi kasitomala za tcheni cha njinga, n'kumudikira mpaka mkangano utatha kuti amufunse ngati angabwerezenso mawa pa kamera. Anati Domingo ankawabwerezetsa kachigawo kamodzi mpaka dzuwa kusuntha, chifukwa choti wina wayankha mofulumira, ndipo ankawauza kuti nthabwala ili pa kudikira. Sankalola kuseka wolumala kapena wosauka chifukwa cha usiwa wake, ngakhale otsatsa malonda atanena kuti zimenezo n'zimene zimayenda. Anamaliza ndi kunena kuti mawu onse amene anthu amamudziwa nawo si ake, ndipo lero ndi tsiku loyamba kuima pamaso pa anthu popanda Domingo kumuuza choti anene. Apa panalibe woseka.

Ku tchalitchi misa inayenda mwa nthawi zonse. Potuluka, kamvula kanali katakula. Bokosi linakwezedwa pa lole, azimayi titazungulira, tikuimba. Kumbuyo kwathu kunali maminibasi amene madalaivala ake anasiya ntchito masanasana, ndi njinga za kabaza zitayatsa nyali, zikuyenda pang'onopang'ono mwina koyamba chiyambire. Podutsa pamsika, ogulitsa anaimirira m'mabenchi mwawo. Matelala a m'makonde anaimitsa makina. Mmodzi, wachikulire, anavula tepi m'khosi n'kuigwira m'manja mpaka titadutsa.

Kumanda msewu unali woterera, lole inaima patali. Anzake a Domingo anapempha kuti anyamule bokosi chigawo chomaliza, ndipo bambo aakulu anawalola. Wojambula uja ndiye ankatsogolera, akuyenda chafutambuyo, akuwauza poponda ndi manja, monga amachitira pa ntchito. Dothi lofiira linkamata ku nsapato. Adzukulu anagwira ntchito yawo mwachangu chifukwa cha mvula. Mlamu anaika nkhata yake atagwiriziridwa mbali zonse. Bambo anaika yawo okha, n'kuiwongola kuti ikhale pakati.

Pobwerera anthu anasamba m'manja pachipata, anadya, n'kuyamba kubalalika. Mtsikana wa ku Bangwe anandipeza ndikutsuka mapoto. Anazungulirazungulira, kenako anandiuza kuti pali magawo amene anajambula koma sanamalizidwe, ndipo gulu lonse likudalira ntchito imeneyo, koma sakudziwa ngati n'koyenera kufunsa. Ndinamutengera kwa mlamu. Mlamu anamumvetsera, namuuza kuti masiku a maliro akatha abwere adzatenge kompyuta, amalize, koma dzina lake alilembe pamene pankakhala la Domingo, asachite manyazi. Mtsikanayo analira kuposa mmene analirira kumanda.

Madzulo tenti inali itaphwasulidwa, mabenchi atabwezedwa. Pabwalo panatsala phulusa lonyowa ndi mabowo a mitengo ya tenti. Achibale a kumudzi anagona msanga pabalaza chifukwa cha kutopa. Bambo analowa kuchipinda kwawo koyamba chichitikireni zovutazi, ndipo posakhalitsa tinamva akuliza mkonono.

Ine ndinapita ku nyumba ya kuseri kukakhala ndi mlamu. Ana a Domingo anali atagona pa bedi la makolo awo, nsapato zili kumapazi. Tinawavula, tinawafunditsa, n'kukhala pansi pa mkeka. Kenako mlamu anandiuza kuti nthabwala iliyonse ya Domingo inkayambira kwa iye. Ankabwera pamene iye akusita kapena akuchapa, n'kuima pakhomo, n'kuisewera yonse yekha, mawu a anthu onse. Iye ankauma nkhope dala, chifukwa anazindikira kale kuti akaseka msanga Domingo amasiyira pomwepo, koma akapanda kuseka amabwerera kukaikonza mpaka ikome.

"Zaka zonsezi ankati ndine munthu wovuta kuseketsa mu Ndirande monse," anatero. "Alamu, ine ndinkaseka. Ndinkangodikira atuluke."

Ndinamugwira dzanja. Pa malata kamvula kankapitirira, ndipo tinakhala choncho mpaka tiyi amene ndinamubweretsera anazizira.