Mbatata imene ndinaiphunzitsa kusambira

Ine ndinabadwira kuchigwa, kumene mwana amayamba kuwokera mpunga asanamere mano. Kwathu munda wopanda madzi ofika m'akakolo timauyesa bwalo la mpira. Ndiye ntchito yanga yoyamba inandigwera kumapiri, pasekondale ina yoyendera kufupi ndi Lizulu, kukaphunzitsa zaulimi ana a alimi a mbatata ya kachewere. Mbatatayo ndinali nditaionapo malo awiri: m'buku, ndi pachiwaya cha tchipisi.

Kumeneko kumazizira moti choko chimakana kulemba mpaka itakwana naini. Ndinaona ndi maso angawa, sindikuwonjezera.

Ahedi anandipatsa Fomu 3 ndi kadimba ka kuseri kwa sukulu, m'mphepete mwa kamtsinje. Anandiuza mosapsatira kuti tsiku lotsekera teremu makolo amayendera dimbalo, ndipo likadzawachititsa manyazi, phunzirolo adzapatsa wina, ine ndizidzangoyang'anira osesa ndi kuimba belu.

Tsiku loyamba ndinachita zimene anatiphunzitsa kukoleji. Ndinauza ana kuti aliyense alembe pakapepala chimene akufuna kwa ine ndi phunziro langa. Analemba mwakachetechete, ine n'kusonkhanitsa timapepalato, n'kutiika m'katoni ya choko. Sindinawerenge. Yankho ndinkalidziwa kale: ana amatopa ndi kulemba, amafuna kugwira dothi ndi manja.

Motero tinasiya kalasi n'kulowa m'dimba. Anawo anayamba kuunda mizere italiitali, ine n'kuwaletsa. Ndinati asalaze ndime yonse, amange timakoma ta dothi m'mbali, akumbe ngalande kuchokera kumtsinje. Mbewu ndi mbewu, ndinatero, palibe imene imadana ndi madzi. Anayang'anizana. Kenaka onse pamodzi anati, "Inde, sala," n'kuchita ndendende zimene ndinanena. Ana a kumeneko ndi aulemu. Akhoza kukuperekeza mpaka kuphompho atakunyamulira chikwama.

Patatha milungu itatu, m'dimba mwanga munali mutamera achule. Mbatata ayi. Achulewo ankabwera kuchokera mpaka ku Mozambique, ena ankalira m'Chipwitikizi. Amene akukayika akafunse. Nditapisa dzanja m'matope ndinavuula chinthu chonga phala, ndipo fungo lake linathamangitsa galu wa ahedi, ndipo galuyo sanabwererenso mpaka lero.

Ndinaima pamenepo, nsapato m'manja, kalasi yonse ili kumbuyo kwanga. Amene anayankhula anali monita wawo, mtsikana wamfupi amene mayi ake amagulitsa mbatata pamsika wa Lizulu.

"Sala, kodi timapepala tathu tija munawerenga?"

Ndinati ndikuwerengabe pang'onopang'ono, chifukwa ndi nkhani zofunika kuziganizira.

"Mapepalawo akadali m'katoni ya choko, sala. Timawaona tikamasesa."

Masana omwewo ndinatsegula katoniyo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anapempha khasu. Wina analemba kuti khasu ali nalo kunyumba, ndipo limamudikira tsiku lililonse akaweruka. Wina anapempha kuti ndisamawasunge tsiku la msika. Ena onse ankafuna chinthu chimodzi: manotsi, ndi kuwaonetsa mayankhidwe a mafunso a mayeso m'Chingerezi. Monita uja analemba kuti kulima amadziwa kuyambira ali kumsana, chimene sadziwa ndi mmene angazilembere kuti wochonga amukhulupirire.

M'mawa mwake ndinalowa m'kalasi n'kuwauza kuti za m'dimba zija zinali kafukufuku, ndipo tsopano tatsimikiza mwasayansi kuti mbatata siisambira. Palibe anaseka. Ulemu wa anawo umapweteka kuposa chikwapu. Kenaka ndinafunsa, maso ali pabolodi, ngati m'milungu isanu ndi umodzi yotsalayo chilipo chimene chingamere.

Monita anati chilipo, bola ine ndisakafikeko.

Tinagwirizana choncho. Iwo anagumula timakoma tanga, anaunda mizere, anabweretsa mbewu yophuka kale kuchokera kwawo. Ntchito yonse anaimaliza masana awiri, akuimba. Ine ndinkalemba manotsi pabolodi mpaka mkono wakumanja unatalika kuposa wakumanzere. Atelala amene amandisokera majekete ndi mboni.

Tsiku lotsekera, dimba linali biriwiri. Ahedi ankayenda patsogolo ngati analima ndi iwo. Bambo wina wachikulire, bambo ake a monita uja, anawerama, anagwira tsamba, anayang'ana mzere, n'kundiyang'ana ine nthawi yaitali.

"Aphunzitsi, mwalima bwino. Mzere uwu mwaunda ngati mmene amaundira mwana wanga. Ngakhale mbewuyi ikufanana ndi imene inasowa m'nyumba mwanga."

Ndinayankha kuti mbewu zabwino zimafanana.

"Eya, zimafanana," anatero. "Nanga achule anu aja munawasamutsira kuti?"

Phunzirolo sanandilande. Ndinaphunzitsa zaulimi pasukulupo zaka zinayi, ndipo m'dimbamo ndinkaloledwa kulowa kamodzi pateremu, pamodzi ndi makolo, ngati mlendo.