Tsiku limene ndinakana kuthira mchere

Ndikanunkhiza mtovu wosungunuka ndi utsi wa makala, ndimaona aNambewe atatambalala pakhonde pawo ku Kapata, wailesi ya munthu ataimasula pamiyendo, chitsulo chowotcherera mawaya chikufiira pambaula. Anali mayi wamasiye woyandikana nafe, ndipo ntchito yokonza mawailesiyo anaiphunzira kwa malemu amuna awo. Kuseka sankakudziwa. Ndikaweruka kusukulu ndinkawagwirira mawaya, iwo n'kumandikalipira kuti manja anga akunjenjemera ngati a chidakwa, koma mawa lake ankandiitananso.

"Iwe Misozi, magetsi sadziwa kuti wawagwira ndi mkazi," ankatero. "Sayansi yakoyo uigwire ndi manja awiri."

Ndinatha msinkhu mochedwa, mkati mwa mayeso a Giredi Naini, pepala la sayansi tisanalembe. Kwathu mtsikana akaona zimenezi sauza mayi ake. Amauza mayi wina wamkulu, iyeyo n'kukanena, ndipo mtsikanayo amam'tsekera m'nyumba kuti alangizidwe, kaya kunja kuli mayeso. Ndinathamangira kwa aNambewe ndikulira. Anandipatsa nsalu, nandionetsa kavalidwe kake, kenaka anatembenukira kumbaula.

"Sindinamve kanthu," anatero. "Ndidzamva ukamaliza kulemba."

Vuto linali mchere. Tinakula tikudziwa kuti mkazi amene ali kumwezi sathira mchere m'ndiwo, akatero bambo wa pakhomo amadwala mdulo, kutsokomola mpaka kufa. Tsiku loti mawa tilemba sayansi, amama akusinja nsinjiro, anandituma kuti ndithire mchere mu nkhwani. Atate anali pomwepo, akupopa njinga. Ndinatapa mcherewo, dzanja n'kuuma pamwamba pa poto. M'buku la sayansi munalibe mdulo, koma atatewo anali anga, ndipo ndinachita mantha. Ndinaubweza m'chitini.

Munsi unaleka kugunda.

"Wayamba liti?" anafunsa amama motsitsa mawu. "Wauza ndani?"

Kutacha, yunifomu yanga sinaoneke. Azakhali anali atafika kale ndi alangizi, mphasa atayala kuchipinda, ine ndili pamenepo ndikumva anzanga akudutsa pamsewu, akufunsana mayankho. Kenaka pakhomo panamveka mawu a aNambewe, opanda ndi odi yemwe.

"Mwanayu ananena kwa ine, wobisa ndine. Mlandu ngwanga. Koma atuluke akalembe."

"Mumafuna mutiphere bambo pakhomo pano?" anakuwa azakhali. "Inu mwana mulibe, n'chifukwa chake mumaseweretsa a anzanu!"

Kapata yense ankadziwa kuti aNambewe anaika m'manda ana awo onse ali makanda. Ndinadikira kumva mapazi awo akubwerera.

"Zoona, ndilibe," anayankha aNambewe. "Koma mcherewo mwanayu anaukana yekha, palibe anamuuza. Mwana womvera chotere mum'lipire pom'lepheretsa? Mwambo ungadikire mpaka masana, mayeso sadikira."

Patapita nthawi chitseko chinatseguka, amama analowa, nasolola yunifomu pansi pa matiresi awo, n'kundiponyera osandiyang'ana. Ndinathamanga njira yonse mabatani ali osamanga bwino, ndipo ndinapeza akugawa kale mapepala. Masana ndinabwerera pamphasa paja.

Sayansiyo ndinakhoza. Lero ndine injiniya wa zamagetsi, ndipo akandiitana kukalankhula ndi atsikana m'masukulu ndimawauza kuti asaope masamu ndi mawaya. Koma mumtima ndimadziwa amene analipira. Kuchokera tsiku lija azimayi analetsa ana awo kupita pakhonde la aNambewe, ndipo amama sanawapatsenso moni.

ANambewe anamwalira ine ndili kukoleji. Kumanda, mkulu wa mpingo atafunsa ngati pali mwana wa malemu woti ayambe kuponya dothi, anthu anayang'ana pansi. Ndipo ndinamva dzanja la amama likundikankha pamsana.